Buku la Pansi pa Firiji

Lachisanu, 2 Januwale

Chaka chino ndiwerenga mabuku khumi ndi awiri, limodzi pa mwezi. Ndalemba pano dala kuti ndikadzayamba kuzemba, tsambali lidzandichititse manyazi.

Chandichititsa ndi dzulo. Mzime wanga wabwerera ku koleji, nyumba yangoti zii, ndiye ndinakhala pa sofa n'kutenga foni kuti ndione nthawi basi. Pozindikira dzuwa lapendeka, ine ndaonera mayi wosamudziwa akulongedza m'kabati mwake, galu wovala jekete, ndi bambo wina wokazinga mazira pa injini ya galimoto. Nthawi ndinkafunayo sindinaione n'komwe. Ine amene ndili mwana ankachita kundilanda buku kuti ndidye! Ndadzimvera chisoni kwambiri.

Ndawauza bambo a ana za pulani yangayi. Ayankha maso ali pa mpira: "Zabwino zimenezo. Mukamaliza mundiuzeko mmene zathera." Iwowa chinthu chomaliza kuwerenga ndi kapepala ka mankhwala a chifuwa, ndipo anakasiyira pakati.

Vuto ndi loti sindikudziwa poyambira. Mawa ndifunsa anthu.

Loweruka, 3 Januwale

Ndaziputa ndekha.

Ndinayambira kuntchito. Chaka chikangoyamba anthu sapenta nyumba, choncho musitolo yathu ya penti ndimangokhala pakauntala kuyang'anizana ndi zitini. Bwana nditangowafunsa, maso anawala. Anathamangira mu ofesi n'kutuluka ndi buku lophunzitsa kudzuka m'mamawa kuti zinthu zikuyendere. Akuti linasintha moyo wawo. Bwana omwewa amafika pantchito ife titamwa kale tiyi! Ndatsegula, ndapeza kapepala kosonyeza pamene analekezera kali patsamba loyamba, pomwe wolembayo akuthokoza mkazi wake.

Mayi wina wodzagula penti yoyera anamva nkhaniyo n'kulowererapo. Akuti ndiyambe ndi buku la kadyedwe kabwino, kwinaku akundiyang'ana m'chiuno. Ndamusankhira burashi yothothoka ubweya.

Madzulo ndinalemba pa gulu lathu la banja la pafoni kuti aliyense anditchulire buku limodzi. Mzime anayankha msanga: chibuku chonenepa ngati njerwa, muli anthu makumi asanu, aliyense mayina atatu. Achemwali anatchula lophunzitsa kuugwira mtima, akuti ine makamaka lindithandiza. Ndinangowasiya. Kenako foni inayamba kuonetsa kuti Achimwene akulemba. Akulemba. Asiya. Akulembanso. Mapeto ake panabwera mzere umodzi: "Mwana iwe, bwanji osayambira pakhomo?"

Gulu lonse linangoti chete. Ngakhale Achemwali, amene amayankha uthenga usanautumize n'komwe.

Nkhani yake ndi iyi. Achimwene, wamkulu m'banja mwathu, anagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi mpaka kupuma. Atapuma analemba buku, nkhani yopeka, dzina lake Mpando wa Pawindo. Anakasindikizitsa okha zaka zitatu zapitazo, ndipo aliyense wa ife analandira lake losainidwa. Abale onse anayamikira mpaka kumwamba. Ine sindinaname, nthawi zonse ndimangoti "ndikapeza mpata." Lero mpatawo ndaulengeza ndekha pagulu.

Lamulungu, 4 Januwale

Ndalifunafuna nyumba yonse bukulo. Pashelefu, m'masutikesi, pansi pa bedi. Bambo a ana ali phee ngati sakundiona. Nditafika potukula matiresi m'pamene anatsokomola.

"Lachikuto chobiriwira lija?"

"Lomwelo."

"Lili pantchito."

Anandilozera kukhitchini. Firiji yathu mwendo umodzi ndi waufupi, ndiye zaka zitatu zonsezi yakhala ikupondera pa Achimwene. Tinaitukula, ine kukoka buku, iwo kubuula kuti msana. Pamalo pake ndaikapo la Bwana lija. Lakwana bwinobwino, firiji yasiya ngakhale kunjenjemera. Bukulo lasinthadi moyo wa winawake.

La Achimwene lili ndi dzenje lozungulira kuchikuto chakumbuyo, pachipumi penipeni pa chithunzi chawo. M'kati analembamo ndi dzanja: "Kwa mlongo wanga wamng'ono, amene ndinamuphunzitsa a, e, i, o, u. Uwerenge mpaka kumapeto." N'zoona, ndi iwo anandiphunzitsa kuwerenga, pa zikwangwani za mabasi, ine ndili pamapewa awo. Ndinalipukuta ndi nsalu yonyowa.

Lachiwiri, 6 Januwale

Mayo ine. Bukuli ndi basi yokhayokha.

Fungo la mipando. Kulira kwa chitseko. Mmene kondakitala waulemu amang'ambira tikiti (ndi chala chachikulu, osati mano). Munthu wa m'nkhaniyi ndi kondakitala wachinyamata, koma mpaka pano sanachite kalikonse kupatula kuyamikira basi yake. Kuyambira patsamba 33 akusintha tayala, ndipo Achimwene sanasiye nati ngakhale imodzi osaifotokoza.

Ndinagona pakauntala, tsaya lili pa tayalapo. Anandidzutsa ndi Bwana, n'kunena kuti buku lawo lija likanandithandiza pa vuto la tulo. Anafunsa ngati ndikulisamala. Ndinati lili pamalo ozizira bwino.

Mabuku khumi ndi awiri! Ndikangomaliza limodzili ndidzipatsa mendulo.

Lachitatu, 7 Januwale

Tayala lija lalowa. Basi yanyamuka. Zikomo Ambuye.

Lachisanu, 9 Januwale

Achimwene abwera kusitolo masana, atanyamula kajumbo. Ndinawaonera patali, ndinabisa msanga chikuto cha dzenje chija pansi pa buku la mitundu ya penti.

Abwera ndi nkhani yaikulu. Gulu la anthu owerenga mabuku la ku laibulale lawaitana Loweruka pa 24 kuti akawawerengere. Koyamba chilembereni. M'kajumbomo munali tayi yatsopano, yamadonthomadontho, anandionetsa ngati mwana amene amugulira nsapato.

"Ndikawerenga mutu womaliza," anatero. "Ndi umene anthu amaukonda. Achemwali ako analira nawo. Alamu ako anati sanagone."

Ndinafunsa ngati ayamba kukonzekera. Anaseka. Akuti wolemba sabwereranso m'buku lake, zimachititsa manyazi ngati kudzimvera mawu pa wailesi. Iwo chifikireni mabukuwo amangowanunkhiza, kusaina kutsogolo, basi. Adzatsegula tsiku lomwelo pamaso pa anthu, kuti nawonso adzalimve ngati latsopano.

"Nanga iwe wafika pati?"

"Ndangodutsa pa tayala."

"Aa! Pamenepo ndiye pokoma."

Ndinavomera ndi mutu. Akufuna ndikakhale kutsogolo. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri koma amanditchulabe "mwana iwe," ndipo potuluka anandiuza kuti ndiziyang'ana mbali zonse powoloka msewu. Ndinawayang'ana akupita. Achepa thupi chimwalirireni akazi awo. Bukuli ndi limene limawadzutsa m'mawa, zimenezo tonse timazidziwa ngakhale sitizinena.

Lolemba, 12 Januwale

Ndakwiya, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti ndakwiya.

M'nkhanimu mwalowa kamtsikana, kamlongo ka kondakitala uja. Ka zaka zisanu, makutu akuluakulu, mamina osatha, kokonda kuyamwa kolala ya diresi, chipsera pachibwano. Ndikuwerenga choncho dzanja langa linapita lokha pachibwano panga. Ndine! Achimwene andiika m'buku, mamina ndi zonse! Makutuwo awafotokoza ndime yathunthu, akuti mphepo ikaomba kamwanako kankatembenuka kokha. Bodza lamkunkhuniza. Ndakadziyang'ana pagalasi la kubafa ya kuntchito, ndi makutu wamba.

Kondakitalayo wapita ndi kamlongo kake ku depoti ya mabasi, wakasiya pabenchi kuti akasaine kuti wafika pantchito, pobwera kulibe. Izi zinachitikadi. Kwathu imeneyi ndi nkhani yoseketsa, ya tsiku limene ndinasochera masana onse. Ine zosochera sindizikumbukira. Ndimakumbukira mayi wogulitsa matikiti atandikhazika pakauntala yake, switi yofiira m'kamwa, akundilola kudinda matikiti ndi chidindo. Linali tsiku lokoma kwambiri pa ubwana wanga. Kwa ine, ine ndinali pompo. Amene anasowa ndi Achimwene.

Koma m'bukumu si zoseketsa ayi. Mnyamatayo akuthamanga basi ndi basi, akusuzumira pansi pa mipando, mawu amuthera ndi kuitana. Ndipo m'bukumu sakumupeza. Akubwerera kunyumba yekha, waima pakhomo, dzanja lili m'mwamba, akulephera kugogoda chifukwa m'katimo akumva amayi awo akuimba.

Ndinatseka buku kaye. Sindinkadziwa kuti tsiku limenelo anaopa choncho. Zaka zonsezi takhala tikuseka, iwo n'kumaseka nafe.

Za makutuzo tikambiranabe.

Lachitatu, 14 Januwale

Bukuli landilowa m'magazi. Bambo wina anafuna penti yamtundu wa mkaka ya pabalaza, ine diso lili pa buku, ndamusakanizira pinki. Anati sanapemphe imeneyo. Ndinamuuza kuti ndi imene ili m'fasho chaka chino, anapita akuthokoza. Ndipemphera kuti mkazi wake akhale wofatsa.

Kunyumba ndapsereza mpunga. Bambo a ana adya osadandaula, zomwe zandidabwitsa, kenako ndazindikira chifukwa chake. Masiku awiriwa ndakhala ndikuwerenga mokweza malo ena, ndimaganiza kuti ndikuwerengera makoma. Lero mpira uli m'kati, ndangoona dzanja likutsitsa voliyumu pang'onopang'ono.

"Amupeza?"

"Ndani?"

"Wamakutu uja."

Ndinawaponyera pilo. Sanamupeze. Zaka zikudutsa, kondakitala akukana kukwezedwa pantchito kuti asachoke m'mabasi. Basi iliyonse akalowa amayamba wayang'ana mpando wa pawindo, chifukwa kamlongo kake kankalirira pamenepo. Imvi zayamba kumutuluka.

Mzime watumiza uthenga kufunsa ngati ndayamba njerwa yake ija. Ndati idikire, ndili ndi amalume ake.

Lachisanu, 16 Januwale

Ndakwiya kwambiri, koma ndilembe mwadongosolo.

Ndinaweruka msanga kuti ndidzamalizire kunyumba. Bambo a ana anazimitsa okha TV, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatiraneni. Nkhani yafika pampondachimera. Munthu wina wokwera basi wauza kondakitala kuti ku tauni ina yakutali kuli mayi wogulitsa matikiti, wa chipsera pachibwano. Kondakitala wanyamuka. Wafika. Waima pa kawindo kogulitsira matikiti. Mayiyo wapereka msana, akulongosola mapepala. Kondakitala wagogoda pagalasi. Mayi uja akuyamba kutembenuka.

Ndinatsegula tsamba lotsatira n'kuwerenga mokweza: "Kusintha tayala la basi si ntchito ya munthu waphuma."

Tinayang'anizana. Ndinaona nambala ya tsamba. Kuchoka pa 160, labwerera pa 33. Ndinatsegula kutsogolo: jeki, nati, sipanala, tayala lomwe lija lonse lathunthu, kenako mawu othokoza, kenako chikuto, Achimwene akumwetulira ndi dzenje pachipumi. Mutu womaliza mulibe. Ndinakuwa mpaka aneba anafunsa pa mpanda ngati kuli bwino.

Bambo a ana anati mwina firiji inadya. Anapitadi kukasuzumira pansi pake ndi tochi.

Ndinaimbira Mzime, poti ndiye wa ku koleji. Anandiyankha ndi mawu aja amene amayankhulira akafuna kundiphunzitsa foni.

"Amayi, limenelo ndi luso. Olemba amakono amatero. Amalume akutanthauza kuti moyo umazungulira ngati tayala."

"Manambala a masamba nawonso amazungulira?"

Ndinawonjezera funso lina:

"Iwe unaliwerenga bukuli?"

"Amayi, netiweki ikuvuta, sindikukumvani."

Ankandimva bwinobwino. Mawa ndikabwereka la Achemwali, langali liyenera kuti ndi lolakwika.

Loweruka, 17 Januwale

Kwa Achemwali buku lili m'kabati yagalasi, pakati pa mbale za alendo zimene sizinaonepo mlendo. Likadali m'pulasitiki imene analikutira atangolilandira. Ndinaliloza. Anati anawerenga la mnzawo kuti lawo lisade.

Ndinakhala pansi mwaulemu n'kupempha kuti andikumbutse mathero, poti analira nawo.

"Iii, usandikumbutse," anagwira pamtima. "Anakumana. Anakumbatirana. Kenako anakwatirana."

"Achemwali, ndi mlongo wake."

"Ndiye n'chifukwa chake ndinalira."

Alamu anali pakhonde akupukuta nsapato. Amuna awo a Achemwaliwa ndi aja anauza Achimwene kuti sanagone. Ndinawafunsa. Anayankha osaphethira kuti basi inagwera mumtsinje, onse anatha, wopulumuka ndi dalaivala yekha. Nditati m'bukumu mulibe mtsinje, anati mwina akusokoneza ndi filimu.

Ndinang'amba pulasitiki Achemwali akukuwa. Tsamba 160, kenako 33. Tayala. La Alamu tinalipeza m'galimoto, amapondezera nalo mphasa ya kumapazi. Tayala. Tinaimbira msuweni wathu amene analandira atatu, tinamudikira afufuze. Onse atatu tayala. Osindikiza aja anasokera masamba olakwika kumapeto kwa mabuku onse, ndipo zaka zitatu zatha palibe munthu mmodzi anafikapo.

Tinaseka kaye, mpaka Alamu kugwetsa burashi. Kenako ndinawakumbutsa za Loweruka likubwerali, kuseka konse kunatha. Achimwene adzaimirira ndi tayi yawo yamadontho pamaso pa anthu achilendo, adzatsegula kumapeto, adzapeza jeki ndi sipanala.

"Usawauze," anatero Achemwali. "Uwapha."

"Nanga akakazionera okha pagulu?"

"Ukawauza adziwa kuti tonse tinanama."

"Munanamadi."

"Chinali chikondi!"

Ndabwerako mutu ukuwawa. Ndikakhala chete, akachita manyazi pamaso pa anthu. Ndikayankhula, ndiwalanda chinthu chokhacho chimene chawagwiriziza zaka zitatuzi, choti abale awo anawerenga buku lawo n'kulikonda.

Lolemba, 19 Januwale

Pa nthawi yopuma ndinapita kumene anasindikizira, kuti mwina angakonze ngakhale limodzi lokha. Pamalopo pano akugulitsa nsapato. Mtsikana wa m'sitolomo sanamvepo za osindikiza, koma anandiyesa nsapato ziwiri, imodzi inandikwana.

Bwana afunsa kuti buku langa lachiwiri likhala liti. Ndati loyamba lakana kutha.

Lachitatu, 21 Januwale

Achemwali atsegula gulu lina pafoni, lopanda Achimwene. Alipatsa dzina loti Tayala. Nzeru zimene zatuluka mmenemo lero: tibise magalasi awo. Tiwauze kuti ku laibulale kwadontha. Alamu adwale mwadzidzidzi Loweruka m'mawa (Alamu avomera, akufunsa kuti adwale chiyani). Msuweni akuti tilembe tokha mathero, timate ndi guluu. Mzime akuti tiwauze amalume kuti ndi luso.

Palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa kuti kodi mayi uja atatembenuka zinatha bwanji. Zimenezi ndi zimene zandipweteka kwambiri.

Ndinaika foni pansi, ndinangokhala. Bambo a ana anabwera ndi tiyi, chinanso chachilendo, n'kukhala pafupi.

"Mukawauze ndinu," anatero. "Enawa alibe pakamwa ponenera. Inu munayenda ulendo wonse, muli ndi ufulu wodandaula kuti basi yakutsitsirani panjira."

Ndinawayang'ana. Zaka zonsezi ndimakhala ndi munthu wanzeru osadziwa. Kenako anawonjezera kuti ndikafunsenso ngati anamupeza, chifukwa iwo sakugona bwino.

Lachinayi, 22 Januwale

Ndinafika pa geti ya Achimwene, ndinamva akuimba m'nyumba. Ndinabwerera.

Lachisanu, 23 Januwale

Ndawauza.

Ndinawapeza akusita shati yoyera, tayi ili pampando. M'khonde la m'nyumba mwawo muli makatoni a mabuku otsala, osanjikizidwa bwino, atafunditsidwa nsalu kuopa fumbi. Anasangalala kundiona, anafuna kuika ketulo. Ndinati ayi, akhale kaye pansi. Ndinatulutsa buku langa, dzenje lili poyera, sindinabisenso.

"Achimwene, tatsegulani mutu womaliza."

"Ndanena kuti mawa."

"Chonde."

Anavala magalasi akuseka. Anatsegula. Anawerenga mzere woyamba, anatsegula kutsogolo, anabwerera m'mbuyo. Anadzuka n'kupita pa makatoni aja. Buku loyamba. Lachiwiri. Katoni ina. Ine ndinazula simbi pamagetsi chifukwa shati inayamba kununkha. Anabwera n'kukhala pansi pang'onopang'ono, buku lili pamaondo.

"Onse?"

"Onse, Achimwene."

Ndinkaona pankhope pawo akuwerengetsa anthu mmodzimmodzi, aliyense amene anawagwira dzanja n'kunena kuti mathero ndiye anamaliza.

"Nanga achemwali ako analira chiyani?"

Ndinayesa kuwauza kuti bukulo ndi labwino, kuti ndapsereza mpunga, kuti bambo a ana anazimitsa mpira. Sindikudziwa ngati ankamva. Ndinafunsa chapansipansi ngati kondakitala anamupeza mlongo wake. Anangoyang'ana dzenje la pachipumi chawo n'kuliyeza ndi chala.

"Firiji," ndinatero. Bwenzi nditangokhala chete.

"Pita, mwana iwe," anatero. "Ungachedwe basi."

Sananene zoyang'ana mbali zonse powoloka msewu. Buku langa ndaliiwala komweko. Ndalira njira yonse, kondakitala wa basi imene ndinakwera mpaka anandifunsa ngati andibera. Ndalemba pa gulu la Tayala kuti ndawauza, ndipo mawa aliyense apite, kaya Achimwene abwera kaya sabwera. Achemwali atumiza nkhope zolira zisanu ndi ziwiri. Ulendo uno mwina akuliradi.

Loweruka, 24 Januwale

Chipinda cha ku laibulale ndi chaching'ono, mipando yapulasitiki, fani yolira kudenga. Anthu achilendo analipo ndithu, ena ndi makope olembamo. Abale onse anadzazana mzere wakumbuyo, pafupi ndi chitseko, mitu pansi ngati ana amene aswa galasi. Mzime anabwera kuchokera ku koleji. Ine ndi bambo a ana tinakhala kutsogolo. Nthawi inakwana, Achimwene osaoneka. Mayi wa ku laibulale anayamba kuyang'ana wotchi.

Kenako analowa. Shati yoyera yopsa pang'ono pakolala, tayi yamadontho, m'manja buku la dzenje.

Anapereka moni, anafotokoza mwachidule za kondakitala ndi kamlongo kake mpaka pa kawindo ka matikiti paja. Kenako anakweza bukulo m'mwamba.

"Ndinalonjeza kuwerenga mutu womaliza. Muno mulibe. Osindikiza anaikamo tayala. Zanditengera zaka zitatu kuti ndidziwe, chifukwa abale anga ndi anthu achikondi kwambiri. Bukuli analikonda osalivutitsa."

Anthu anafa nako kuseka. Achimwene nkhope ili gwa.

"Mlongo wanga wina ali kumbuyoko analira nawo mathero amenewa. Mwina atifotokozereko?"

Achemwali analowetsa mutu wonse m'chikwama, akufuna chinthu chimene sichinapezeke. Alamu anayamba kutsokomola, mwina matenda aja anagwirizana anafika mochedwa. Achimwene anawasiya choncho kanthawi ndithu, kenako anamwetulira pang'ono n'kunena kuti akhululukidwa, koma aliyense atenga katoni imodzi.

"Pali mmodzi yekha amene anayenda mpaka kumapeto," anatero. "Anabwera kudzadandaula kuti basi yamusiya panjira. Ndiye lero ndimufikitsa."

Anaika buku patebulo, lotseka. Anati mutu umenewo anaulemba kambirimbiri moti uli m'mutu mwawo wonse. Ndipo anayamba kuunena pamtima, manja ali kumbuyo, ngati mmene ankaimira m'basi.

Mayi uja watembenuka. Chipsera pachibwano. Makutu akuluakulu (anthu ena anatembenuka kundiyang'ana, ndinakokera duku pansi). Kondakitala wakhala zaka makumi atatu akukonza mawu opepesera, usana ndi usiku, koma tsopano pakamwa pauma, mawu onse athawa. Mayiyo akumuyang'ana kudzera pagalasi, akuyang'ana imvi zija, akuika chidindo pansi. Akutsegula pakamwa, akuti...

Achimwene anaima. Anayesanso, mawu anakana. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi yatsopano ija.

Sindinaganize n'komwe. Ndinangomva kukoma kwa switi yofiira m'kamwa, ndinaona mnyamata wothukuta thukuta ataima pa kawindo akupuma movutikira, ndipo ndinamva mawu anga akutuluka okha:

"Achimwene, munasochera kuti?"

Anandiyang'ana, magalasi ali m'manja.

"Ukukumbukira?"

"Ine ndinali pompo."

Anagwedeza mutu, misozi ikutsika, akuseka. Anauza anthu kuti ndi momwemo, mawu ake ndi omwewo, buku lathera pamenepo. Pambali panga bambo a ana anamina mwamphamvu mpaka mayi wa ku laibulale anadzidzimuka. Kumbuyo Achemwali ankalira mokweza, n'kumauza aliyense kuti mwaona, ananena kale kuti ndi zoliritsa.

Potuluka ndinawauza kuti nkhani ya makutu sinathe. Anati buku lachiwiri awachepetsako. Bambo a ana anatsala kuthandiza kusanja mipando, ine ndinaperekeza Achimwene kokwerera basi. Pamsewu anandigwira dzanja, anayang'ana uku ndi uku, sanandisiye mpaka tinawoloka. Basi itabwera ndinakwera nawo, ngakhale si ya kwathu. Mipando iwiri inali yopanda anthu. Anaima pambali n'kundilozera wa pawindo.